Kubwereranso ku zolemba zanu mutatoperatu: muyambire pati kuti musagwenso

Malangizo awa ndi a munthu amene ankalemba zakezake mosadumphitsa, kaya ndi nkhani za moyo wake, ndakatulo, nthano kapena maganizo ake pa zochitika, kenako n'kufooka mpaka kusiya kwa miyezi. Pano mtima wayambanso kufuna cholembera, koma kumbuyoku zinthu zaunjikana: mameseji osayankhidwa, ngongole, abale amene simunawaone, nkhani zosiyidwa panjira. Ambiri amaphonya pamenepa. Akangomva kuti mphamvu zabwererako, amafuna kukonza zonse m'sabata imodzi, ndipo mwezi usanathe amapezeka atagwanso. Dongosolo lothandiza ndi ili: thupi poyamba, kenako zotsalira zimene zingakupwetekeni mukazichedwetsa, kulemba pamapeto. Kulembako kuyambe pa mlingo wochepa kuposa umene munasiyira.

Gawo loyamba: tsimikizani kuti vuto ndi kutopa basi

Mu 2019, bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) linafotokoza za kutoperatu kumene pa Chingerezi amati burnout m'buku lake la mndandanda wa matenda ndi mavuto a umoyo lotchedwa ICD-11. Silinaike kutoperatu kotereku m'gulu la matenda. Linati ndi vuto lobwera chifukwa cha kupanikizika pantchito kwa nthawi yaitali popanda kupeza njira yokuchepetsera. Zizindikiro zake ndi zitatu: mphamvu kutheratu, mtima kuchoka pantchitoyo mpaka kuyamba kuida kapena kuinyoza, ndiponso kulephera kugwira bwino ntchito imene kale inali yosavuta. Kwa wolemba zimaoneka chonchi: mumakhala pansi ola lathunthu osatulutsa chiganizo, mukawerenga zimene munalemba kale mumaziona ngati zachabechabe, ndipo munthu akakufunsani kuti "nkhani ina ituluka liti?" mtima umawawa.

Koma kutopa kwina n'kwa matenda, ndipo kupuma kokha sikungakuthetse. Dzifunseni funso ili: mukakhala kutali ndi ntchito komanso zolemba, mumasangalalako? Ngati mpira, macheza a pakhonde ndi ndiwo zimene mumakonda zikukomabe, n'kutheka kuti vuto lamangirira pantchitoyo. Ngati palibe chikukukomerani kulikonse, mtima uli pansi pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, tulo ndi kadyedwe zasokonekera, mukudziona ngati wopanda pake, zimenezo zikuloza ku matenda ovutika maganizo ndipo zikufunika achipatala. Ngati mukuganiza zodzipweteka kapena kudzipha, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite kuchipatala lero lomwe. Ku Malawi mutha kuyambira pachipatala chachikulu cha m'boma lanu n'kufunsa amene amaona za matenda a maganizo. Palinso chipatala cha Zomba Mental, ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Thupi nalonso muliyezetse. Kuchepa kwa magazi, malungo obwerezabwereza, shuga, vuto la chithokomiro, chifuwa chachikulu ndi HIV zonsezi zimabweretsa kufooka kumene munthu angakusokoneze ndi kutopa ndi ntchito. Amayi amene amataya magazi ambiri posamba kapena amene angobereka kumene asanyozere za kuchepa kwa magazi. Mukafika kwa adokotala nenani molunjika kuti mwakhala mukufooka kwa nthawi yaitali bwanji, mukugona maola angati, ngati mwaonda, mukutsokomola, mukutuluka thukuta usiku kapena mukumva ludzu kawirikawiri. Kungonena kuti "m'thupi simukundikomera" kumachititsa kuti mubwerere ndi panado.

Gawo lachiwiri: tchulani chimene chinakutopetsani

Munthu akabwerera kumene anapsa osachotsa chimene chinamuwotcha, amapsanso. Akatswiri a zamaganizo Christina Maslach ndi Michael Leiter, amene afufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, amatchula mbali 6 zimene zikasokonekera zimamutopetseratu munthu: kuchuluka kwa ntchito, kusowa ufulu wosankha kagwiridwe kake, kusowa mphoto kapena kuyamikiridwa, kusagwirizana ndi anthu amene mukugwira nawo ntchito, kukondera, ndi kuchita zinthu zosemphana ndi zimene mumakhulupirira.

Tengani pepala, lembani mbali 6 zimenezi, ndipo pa iliyonse muikepo chiganizo chimodzi chonena mmene zinalili miyezi itatu musanasiye kulemba. Kawirikawiri mbali imodzi kapena ziwiri ndi zimene zimatuluka zofiira. Wina amapeza kuti zolemba sizinalakwe, koma ankalemba pakati pa usiku ataweruka pantchito ya maola 10. Wina anadzilonjeza yekha kutulutsa nkhani katatu pa sabata, kenako lonjezolo n'kusanduka kapitawo wake. Wina anayamba kulemba zimene anthu amaombera m'manja n'kusiya zimene iye ankafuna kunena. Mankhwala ake ndi osiyana. Woyambayo asinthe nthawi yolembera, wachiwiriyo achepetse mlingo, wachitatuyo asinthe mitu ya nkhani. Pansi pa pepalalo lembani chinthu chimodzi chimene simudzachitanso, mwachitsanzo: "Sindidzalemba ikakwana 9 koloko usiku." Chimodzi chokha. Malamulo 10 sasungika.

Gawo lachitatu: milungu iwiri yokonza tulo

Musalembe kalikonse kopatsa anthu m'milungu iwiri imeneyi. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Chimene chimakhazikitsa tulo kwambiri ndi nthawi yodzuka, choncho sankhani ola limodzi, mwina 5:30 kapena 6 koloko, ndipo muzidzuka nthawi yomweyo ngakhale Loweruka. Tiyi, khofi, zakumwa za kola ndi zija amati zopatsa mphamvu musiye ikamakwana 2 koloko masana, chifukwa pakapita maola pafupifupi 5 theka la kafeini, chinthu cha m'zakumwazi chimene chimathamangitsa tulo, limakhala lidakali m'magazi. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo mbandakucha. Foni muzitchajira patali ndi bedi. Onjezani kuyenda ndawala mphindi 30, masiku 5 pa sabata, kuti zikwane mphindi 150 zimene a WHO amalimbikitsa.

Gawo lachinayi: zotsalira m'mbuyo

Apa ndi pamene pamalemera, ndipo n'chifukwa chake pakufunika nthawi. Chimene chimatopetsa si kuchuluka kwa zotsalira kokha ayi, koma kuzisenza m'mutu, kumene zimangozungulira usiku wonse popanda mutu ndi mchira. Ndiye zitsitseni papepala. Patulani mphindi 40, tengani kope, lembani chilichonse chimene chikubwera, chachikulu ndi chaching'ono, osasanja. Mukatha, tsekani kopelo mpaka mawa. Osayamba kukonza tsiku lomwelo.

Mawa lake, ikani chizindikiro pa chilichonse malinga ndi magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la zinthu zimene zimakula mukazisiya: lendi, fizi ya ana, ngongole ya chiwongoladzanja kaya ndi ya banki m'khonde kapena ya katapila, bilu ya madzi, mankhwala amene munasiya kukatenga, mapepala amene atha ntchito monga laisensi kapena chitupa. Izi ziyambe, ndipo pa ngongole muyambe ndi imene chiwongoladzanja chake chikuthamanga kwambiri. Wokongoza amakwiya kwambiri ndi kukhala chete kwanu kuposa kuchedwa kwa ndalama. Mupiteni kapena muimbireni, mutchule ndalama yeniyeni ndi tsiku lenileni: "Mayi, ngongole ija sindinaiwale. Yatsala K60,000. Nditha kumapereka K15,000 pakutha pa mwezi uliwonse kuyambira mwezi uno." Tchulani ndalama imene mungakwanitse ngakhale mwezi utavuta. Mukalonjeza zambiri pofuna kubisa manyazi n'kulephera mwezi woyamba womwewo, ulendo wachiwiri sadzakumveraninso. Mukalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, meseji yotsimikizira ija muisunge.

Gulu lachiwiri ndi la anthu. Pamene munali chigonere panachitika maliro, zinkhoswe, maukwati ndi matenda, inu osaoneka. Zimenezi sizilemera mofanana. Ukwati umene munaphonya meseji yabwino imakwanira, mwina ndi kamphatso pambuyo pake. Maliro ayi. Zovuta sizipepesedwa pa meseji ngati njira yofikira ilipo, ndipo kupepesa mochedwa n'kwabwino kuposa kusapepesa n'komwe. Imbani kaye: "Malume, muli bwanji kumeneko? Zovuta zija ndinamva koma sindinali bwino, ndinalephera kufika. Pepani kwambiri. Ndibwera Loweruka ndidzakuoneni." Mukapita tengani chipepeso molingana ndi thumba lanu, kaya ndi shuga, sopo kapena kandalama. Kumeneko osakayamba kufotokoza mavuto anu mwatsatanetsatane. Mawu akuti "sindinali bwino" akwanira, ndipo akuluakulu ambiri safunsa zoposa pamenepo.

Kwa anzanu zimapepuka: "Aise, ndinasowa eti? Mutu unali utadzaza, pano ndayamba kupezako bwino. Tionane Lamlungu masana." Kwa amene munawalonjeza ntchito, monga mkonzi wa nyuzipepala kapena munthu amene anakupatsani zoti mumulembere, meseji ikhale ndi zinthu zitatu, kupepesa kamodzi, tsiku latsopano, ndi khomo loti iwo akane: "Bwana, pepani chifukwa chochedwa. Nkhani ija nditha kutumiza pa 20 mwezi uno. Ngati nthawi yake inadutsa kale, mundiuze ndisapitirize."

Mlingo wake ndi anthu awiri patsiku ndi ulendo umodzi pa sabata. Mukayankha anthu 30 tsiku limodzi, onse 30 ayankhanso, ena ndi mapempho, ndipo madzulo mupezeka muli pamene munayambira.

Gulu lachitatu ndi la zinthu zimene zinafa zokha: kuitanidwa ku zochitika zimene zinadutsa, mipikisano yolemba imene inatsekedwa, mameseji mazanamazana a m'magulu a pa WhatsApp. Dulani mzere, osawerenga. Magulu amene simukuwafuna tulukanimo, otsalawo muwatseke phokoso. Ngati panali chofunika kwenikweni, mwini wake adzakufunani pambali. Anthu ambiri amadabwa kuona kuti gulu lachitatuli ndi lalitali kuposa awiri oyamba aja.

Gawo lachisanu: pulumutsani zolemba zakale

Ntchito iyi ndi ya madzulo amodzi. Kampani ya Google inalengeza kuti kuyambira mu December 2023 itha kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, limodzi ndi maimelo, zithunzi ndi zolemba zimene zili mmenemo. Akaunti ya WhatsApp imatha kufufutidwa pakapita masiku 120 foni isanalumikizidwe ku intaneti. Nambala ya foni nayo ikakhalitsa osagwira ntchito, kampani imatha kuitseka n'kuipereka kwa munthu wina, ndipo vuto lake n'lakuti manambala achinsinsi otsegulira akaunti amapita ku nambala yomweyo. Choncho lowani mu akaunti iliyonse, onani ngati nambala ndi imelo yobwezeretsera zikadali zanu, ndipo pasiwedi mulembe pamalo obisika. Kenako sonkhanitsani zolemba zonse mu foda imodzi n'kuikopera malo awiri, pa fulashi ndi pa Google Drive, pamene amapereka 15 GB yaulere. Za m'makope muzijambule ndi foni tsamba ndi tsamba. Chiswe ndi denga lodontha sizisankha ndakatulo.

Patsikuli musawerenge zolembazo. Mukayamba kuwerenga muyambanso kudziweruza.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kuyambanso kulemba

Wochira malungo amayamba ndi phala, nsima imabwera pambuyo. Sabata yoyamba lembani mphindi 10 zokha, masiku atatu, zoti palibe adzawerenge. Tcherani alamu, ndipo ikalira imani ngakhale mawu akubwerabe. Kuima mukadali ndi chonena n'kumene kumakubwezerani pampando mawa. Sabata yachiwiri ndi yachitatu kwezani kufika mphindi 15 kapena 20, masiku anayi. Pofika sabata yachinayi mutha kuyesa mphindi 25, kupuma mphindi 5, kenako mphindi zina 25 ngati thupi lalola. Yezani ndi nthawi, osati ndi kuchuluka kwa mawu. Mawu satuluka mofanana tsiku lililonse, koma mphindi 15 ndi mphindi 15.

Nthawi yolembera muimangirire ku chinthu chimene mumachita kale: "Ndikatha kumwa tiyi wam'mawa, ndikhala patebulo ndi kope." Mawu akuti "ndilemba ndikapeza mpata" sanathandizepo munthu, mpata supezeka. Konzekeraninso zosokoneza zimene mukuzidziwa kale. Magetsi akazima lembani m'kope. Bandulo ikatha gwiritsani ntchito pulogalamu yolembera imene sifuna intaneti. Ndipotu kulemba intaneti itazimitsidwa n'kwabwino masiku onse, chifukwa mphindi 10 zija zimatha msanga mukangosuzumira pa Facebook. Ngati tsamba loyera likukuopsani, jambulani mawu pa foni ngati mukufotokozera mnzanu, kenako mvetserani n'kulemba zimene mwanena.

Mulembe chiyani? Masiku oyamba zinthu zooneka ndi maso zimayenda bwino kuposa maganizo akuya: zimene mwaona mu minibasi, mitengo ya pamsika, mawu amene mwana wanena. Ngati mukufuna kutulutsa zimene zinakuchitikirani, pali njira imene katswiri wa zamaganizo James Pennebaker anayamba kuifufuza m'zaka za m'ma 1980: kulemba mphindi 15 mpaka 20, masiku atatu kapena anayi otsatizana, za chinthu chimene chikukusautsani, osasamala za kalembedwe ndiponso osapatsa munthu. Ambiri amamva chisoni kwa kanthawi akangomaliza, ndipo zimenezo si zachilendo. Koma ngati bala lake ndi laposachedwa ndipo kulembako kukukusokonezani kwambiri, siyani, nkhaniyo mukambirane ndi mlangizi.

Mudzadumphitsa masiku, zimenezo musakayike. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake ku University College London, amene anatuluka mu 2009, anapeza kuti chizolowezi chatsopano chinkatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ena masiku 18 okha, ena mpaka 254, ndipo kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga kanthu kwenikweni. Choncho mukaphonya Lachiwiri, Lachitatu lembani mphindi zanu zomwezo. Osawirikiza pofuna kubweza.

Zosamaliza zakale zija muzitsegule pa sabata yachitatu. Iliyonse werengani ndime yoyamba yokha n'kufunsa ngati mukufunabe kudziwa kumene ikupita. Zimene nthawi yake inadutsa muziike mu foda ina, osafufuta. Pa zamoyozo sankhani imodzi. Wina amatsegula zisanu nthawi imodzi chifukwa zonse zikuoneka zabwino, koma paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: nkhani yoyamba yopatsa anthu

Ituluke pakatha mwezi, osati msanga. Ikhale yaifupi, mawu 300 mpaka 500. Cholakwika chofala ndi kulemba tsamba lathunthu lopepesa chifukwa chosowa. Owerenga analibe nanu mlandu, ndipo ambiri anali otanganidwa ndi zawo. Chiganizo chimodzi chikwanira, monga "Ndinapuma kaye chifukwa cha kutopa," kenako lowani m'nkhani. Cholakwika chachiwiri ndi kufuna kufotokoza zonse zimene zinachitika m'miyezi imene munasowa. Zotere zimatuluka ngati lipoti la pamsonkhano: ndinasamuka, ndinadwala, ndinasintha ntchito, mwana anayamba sukulu. Sankhani chimodzi n'kuchifotokoza bwino. Zinazo ndi nkhani za m'tsogolo, ndipo mudzayamika kuti munazisunga.

Musanatulutse, chotsani zimene si zanu nokha. Matenda a amayi anu, mkangano wa m'banja, ngongole ya mchimwene wanu, dzina la bwana amene munayambana naye, zonsezi zikangofika kwa anthu sizibwereranso. Funsani eni ake kapena zisiyeni. Za inu mwini, dzifunseni ngati mungakonde kuti apongozi anu kapena wokulembani ntchito mawa awerenge. Nkhaniyo igone usiku umodzi, m'mawa muiwerenge mokweza, pamene lilime lapunthwa mukonze, basi itulutseni. Kuikonza kachisanu ndi mantha chabe amene avala malaya a khama.

Osalengeza ndondomeko. Mawu akuti "kuyambira pano ndizitulutsa nkhani Lolemba lililonse" ndi ngongole yatsopano imene mwadzikongoza nokha. Mumtima mwanu sankhani theka la mlingo wakale: ngati munkatulutsa sabata iliyonse, pano muzitulutsa kawiri pa mwezi, kwa miyezi itatu, musanaganize zokweza. Yesetsani kukhala ndi nkhani imodzi kapena ziwiri zomaliza kale zimene simunatulutse, kuti mwezi wa matenda kapena wa zovuta usakupanikizeni. Ena akaona kuti mwabwerera ayamba kupempha: mutilembere uthenga wa paukwati, mutikonzere kalata, mulowe mu komiti. Yankho lokonzeratu limathandiza: "Pepani, panopa sindikulandira ntchito zina mpaka mwezi wa mawa utatha." Osawonjezera zifukwa, chifukwa chilichonse chimene mungapereke adzachipezera njira.

Zikayambanso kuvuta

Lamlungu lililonse madzulo dzifunseni zinthu zinayi: mwagona maola angati masiku ambiri, mwakwiyira anthu a pakhomo popanda chifukwa kangati, mukaganiza zolemba mtima ukukoka kapena ukuthawa, ndipo lamulo limodzi lija la pa gawo lachiwiri mwalisunga kapena ayi. Ziwiri mwa zinayizi zikaipa milungu iwiri yotsatizana, tsikani sitepe imodzi: wa mphindi 25 abwerere ku 15, wa kawiri pa mwezi atulutse kamodzi. Osasiyiratu, chifukwa kuyambiranso pa ziro kumalemera kuposa kupitiriza ndi zochepa. Ngati mwatsika mpaka mphindi 10 zosapatsa munthu ndipo pakutha pa milungu iwiri zikukanikabe, vuto silili pa kulemba. Bwererani ku gawo loyamba, ndipo pepala lija la mbali 6 mupite nalo kwa adokotala kapena mlangizi.